Ndakumana ndi apongozi ankhanza a pa TV ku Showgrounds

NaPhiri wa ku Chilenje
Abale anga, ndayesetsa kudzigwira koma pakamwa pakundiyabwa. Loweruka lapitali ndinali ku konsati ija ya ku Showgrounds ndi mng'ono wanga. Kutentha kwa Okutobala mukukudziwa nokha, dzuwa linalowa kalekale koma pansi pankatulukabe moto, fumbi lili koboo. Cha m'ma 21, anyamata a kalindula atangotsika pa siteji, ndinapita kukasaka madzi kuseri kwa matenti, kufupi ndi kumene amaotcha michopo. Mzere wake wosaona kumapeto. Patsogolo panga panaima mayi wina wamfupi, kapu kumutu, chitenje m'chiuno, nsapato imodzi ili m'manja poti lamba anali ataduka. Dzanja linalo agwira kamtsikana kamene kankasinza choimirira. Ine paja sindiyenda opanda mapini m'chikwama, ndiye ndinati, "Amayi, tabweretsani nsapatoyo tione." Ndinanjuta pafumbi pomwepo n'kuilumikiza. Iwo amvekere, "Zikomo mwana wanga, wandichotsa manyazi." Abale, thupi lonse linachita tsemwe. Mawu amenewo ndi amene amalowa m'nyumba mwanga madzulo alionse akukalipira mtengwa. Nditasuzumira pansi pa kapu ija, ndi iwo ndithu, apongozi ankhanza a m'sewero lija timatsatira tonsefe. Dzina sinditchula, wodziwa wadziwa.

Dalitso
Chithunzi chili kuti asisi? Popanda chithunzi ife tizingoyankha kuti "tili tonse", inu muzipitiriza nthano yanu.

Esnart
Mayo ine! Mayi uja? Amene anabisa kalata ya ntchito ya mtengwa wake pansi pa matiresi? Inu n'kumukonzera nsapato? Ine ndikanaiponya pa mbaula ya michopo, aziponda fumbi mpaka kwawo.

NaPhiri wa ku Chilenje
A Dalitso, chithunzi palibe, ndipo nkhani yagona pamenepo. Foni ndinatulutsa ndithu, manja akunjenjemera, ndinati amayi kamodzi kokha. Iwo anandigwira pamkono n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ukanandipeza ndekha bwenzi titajambulitsa mpaka batire kutha. Koma lero ndabwera ngati agogo ake a uyu." Kenako anandifotokozera. Tsiku lina munthu anawajambula mobisa ali ndi mdzukulu yemweyo pa Manda Hill n'kuika pa Facebook. M'makomenti anthu anayamba kulemba kuti onani mdzukulu wa mfiti, nkhope yake ngati agogo ake. Anzake a kusukulu anaziona. Mwana anakana sukulu mpaka aphunzitsi kuchita kumulondola kunyumba. Ine foni ndinaibweza m'chikwama.

Tinacheza pamzerepo mpaka kufika kutsogolo. Anandifunsa kwathu, nditati ku Katete anafunsa ngati mvula ya chaka chatha inatichitira chifundo. Akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja, munthu wamanyazi kwabasi. Pogula madzi anakhuthula kachikwama pathebulo, makoini okhaokha, kuwerenga mmodzimmodzi, n'kugula mabotolo atatu. Limodzi anandipatsa ine, kukana kwanga sanakumve.

Bambo Zulu
Ine ndilankhule zimene ena akuopa kunena. Mayiyo sanachite bwino. Ukasankha ntchito yoonekera, nkhope yako yasanduka ya anthu. Amene tinamukweza ndi ife oonera, timalipira mwezi ndi mwezi kuti timuone. Akanamuuza mwanayo kuti taima apo kaye, n'kujambulitsa ndi aNaPhiri, nkhani yatha. Munthu wakunjutira pafumbi kukukonzera nsapato, iwe n'kumumana kachithunzi? Kumeneko ndi kudzimva. Ndipo ngati akufuna kubisala, kumalo oimba usiku amakatani ndi mwana?

Mai Tiyanjane
A Zulu, mumalipira kuti muone sewero, ndipo sewerolo mumaliona. Ngongole imathera pomwepo. Nanga kumusiya mwana yekha pakhamu ngati lija, mdima uli bii, oledzera ali balalabalala, kuti agogo akamwetulire foni? Wanu mungamusiye? Komanso chithunzi chimodzi sichikhala chimodzi. Fulashi ikangowala, mzere wonse utembenuka, ndiye mudzaone ngati madziwo angagulidwe.

Dalitso
Pepani ndidule pang'ono. A Zulu akuti amalipira mwezi ndi mwezi? Si inu bambo munabwera kushopu kwanga ndi flash kuti ndikuikireni magawo onse?

Bambo Zulu
Iwe Dalitso, nkhani ya flash ndi ina. Inali ya alamu ako.

Mlamu Mulenga
Inu a kum'mawa simusintha. Mwaona munthu wa pa TV, mwagwada kale pansi. ANaPhiri, nenani zoona, simunatulutse kambewa m'chikwama kuwapatsa apongoziwo ngati mphatso?

NaPhiri wa ku Chilenje
A Mulenga khalani chete, pano tikukamba za anthu. Tikayamba za anyani tikuitanani mudzatitsogolere.

Gift wa Kamera
Ine ndinagwirako ntchito imeneyi, poyamba wonyamula maikolofoni ya pandodo ija, kenako wothandiza pa kamera. Sindikunena za mayi ameneyu kapena za sewero lake, ndikunena zimene ndinaona kumene ndinali. A Zulu, makoini amene aNaPhiri anaona musawadabwe.

Nyumba yaikulu imene mumaona pa TV, ya masitepe ndi mageti odzitsekula okha, imakhala ya lendi, ku Kabulonga kapena ku Ibex Hill, mwini wake amalipidwa pa tsiku. Galimoto ndi yobwereka. Madiresi, mawigi, ndolo, zonse ndi za kampani, zimalembedwa m'buku, madzulo wosewera amavula n'kubweza. Ndinkaona ndi maso angawa mayi amene masana anali mwini mafamu akuthamangitsa antchito, madzulo waima pamsewu akudikira basi ya ku Kaunda Square, akukangana ndi kondakitala za chenji.

Tsiku limayamba kusanache. Cha m'ma 05 uyenera kukhala utafika kuti akudzoze. Ndipo sitijambula motsatira nkhani mmene mumaionera inu. Ngati nyumba talipira masiku ochepa, zonse zochitikira pabalaza la nyumbayo timazijambula nthawi imodzi, kaya ndi za gawo loyamba kaya lomaliza. Munthu m'mawa akulira maliro a mwamuna wake, pofika 11 wasintha zovala akuseka ndi mwamuna yemweyo pa tsiku la ukwati, masana akumuthira poizoni. Pali munthu amene ntchito yake ndi kungolemba kuti pa gawo lakuti mpango unali kumanzere, kapu ya tiyi inali theka. Mwezi ngati uno ndiye chilango. Mawindo timatseka chifukwa cha phokoso, fani timazimitsa poti maikolofoni imatola chilichonse, magetsi ojambulira akuotcha pamutu. Galu wa aneba akauwa, tiyambirenso. Ndege ikadutsa, tiyambirenso. Mayi walira bwino misozi yeniyeni, wina foni yalira m'thumba, alirenso kachiwiri. Mbama zimene zimakupwetekani mtima zija nthawi zambiri dzanja silifika n'komwe patsaya, ndi kamera imene imaikidwa kumbuyo kwa womenyedwayo, phokoso lake timaikamo pambuyo pa kompyuta. Akangoti "cut", apongozi ndi mtengwa akudyera mbale imodzi.

Za ndalama, zimatengera pangano limene wasaina. Ambiri amene ndinkagwira nawo ankalipidwa kamodzi pa ntchito imene agwira. Sewero likabwerezedwa, ngati pangano silinanene kanthu, palibe chimene chimalowa. Kujambula kukatha pamadutsa miyezi osaitanidwa. N'chifukwa chake mumawapeza akuyendetsa mwambo pa ma kitchen party ndi maukwati, ena akugulitsa salaula, ena ali ndi nkhuku kuseri kwa nyumba. Zinthu zinasinthako pamene tchanelo ya Zambezi Magic inayamba mu 2015, masewero a kuno anachuluka ndipo anthu ambiri anapeza ntchito. Koma kutchuka kumathamanga kuposa ndalama. Dziko lonse likudziwa nkhope yako, pamene iwe ulibe galimoto yoti ubisalemo.

Esnart
A Gift mwandiwonongera sewero. Ndiye mbama ija inandigonetsa ndi njala inali yabodza?

Gift wa Kamera
Pepani asisi. Koma misozi yanu inali yeniyeni, ndiye kuti ntchito anaigwira.

Chisomo wa ku Kamwala
Ine poona mutu wa nkhani ndimayesa mwakumana ndi wa ku Nollywood kapena ku Hollywood. Koma taganizani, akanakhala wa kunja, aNaPhiri akanamupeza pamzere wa madzi? Akanakhala mu tenti ya VIP, mabaunsa atamuzungulira, ife tikumuonera patali ngati mwezi, ndipo palibe akanati ndi wodzimva. Tikanati ndi mmene amakhalira anthu otchuka. Koma wathu, amene waima nafe pafumbi n'kutigulira madzi, ndi amene tikumuzenga mlandu chifukwa wakana chinthu chimodzi.

Bambo Zulu
Wa kunja sindinamukweze ine. Wathuyu ndi wathu, n'chifukwa chake tili ndi mawu pa iye.

Mai Tiyanjane
Mawu amenewo a "ndi wathu" ndi amene amalankhula achibale akamalanda katundu pamaliro.

Agogo Tembo
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chimene chandigwira mtima ine n'chakuti aNaPhiri anawazindikira mayiwo ndi mawu, nkhope inabwera pambuyo. Ife tinakula choncho. Kale madzulo tinkazungulira wailesi kumvera a Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi ankasintha mawu, pano nkhalamba, pano mtsikana, pano mfumu, ife kukamwa yasa. Mudzi wonse unkawadziwa mawu awo, koma akanatha kudutsa pakati pathu pamsika wa Luburma osatembenukiridwa. Kutchuka kwa nthawi imeneyo kunkamusiyira munthu mpata wopuma.

Kenako kunali masewero a pabwalo. Ana a ku UNZA anali ndi Chikwakwa Theatre m'zaka za m'ma 1970, ankayenda m'maboma kuchita masewero m'zilankhulo zathu. Ku Lusaka Playhouse nakonso tinkapita. Kumeneko sewero likatha, onse ankabwera kutsogolo atagwirana manja, wakupha ndi wophedwa, kuwerama pamodzi. Unkaona ndi maso ako kuti zatha, awa ndi anthu wamba. Za pa TV zanuzi sizitha. Mfiti imazimiririka ikadali mfiti, mawa ibweranso nthawi yomweyo m'chipinda chanu chochezera, chaka chonse. Ndiye mtima umasunga mkwiyo, ulibe poutulira. Ukakumana naye pa Shoprite, wautula pa iye.

Chisomo wa ku Kamwala
Agogo mwalasa. Kwathu ku Malawi dzina la m'sewero silichoka. A Michael Usi anasewera Manganya m'sewero la Tikuferanji kwa zaka zambiri. Mu June 2024 analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti a Saulos Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege, koma m'maminibasi anthu ankangoti Manganya walowa m'boma. Tsono iwo mwayi wawo unali wakuti Manganya ndi munthu woseketsa, anthu ankamukonda. Taganizani amene dzina lomukakamira ndi la mfiti.

Dalitso
Koma ife Achewa tisamavutike ndi zimenezi. Tikapita ku Kulamba ku Mkaika timaona gule akuopseza anthu, ana kuthawa, koma tonse timadziwa kuti mkati mwa...

Agogo Tembo
Iwe mnyamata, ima pomwepo. Gule ndi chilombo chochokera kudambwe. Zinazo sizikambidwa pagulu pamene pali amayi, ana ndi a Mulenga.

Mlamu Mulenga
Ine ndatseka makutu agogo, pitirizani.

Chikondi K.
Abale, taonani ichi chikuzungulira pa TikTok kuyambira m'mawa. Si mayi wake yemweyu? Kapu ndi chitenje zikufanana ndi zimene anena aNaPhiri. Ndi pageti la ku Great East Road, konsati itatha. Azimayi atatu amuzungulira akukuwa kuti "musiye mtengwa wako, mfiti iwe", wina akumukoka chitenje, anthu akuseka n'kumajambula.

Admin Sakala
A Chikondi, kanemayo ndachotsa. Nkhope ya mwana ikuoneka bwinobwino ndipo akulira. Pagulu pano sitiika ana a eni popanda chilolezo cha makolo, kaya agogo ake ndi otchuka kaya ayi. Amene mwasunga kale m'mafoni musatumize kwina. Dziko lino lili ndi malamulo a zochitika pa intaneti ndi oteteza mbiri ya munthu kuyambira 2021, musadzati sitinakuuzeni.

Chikondi K.
Ndamva a Admin. Ine ndimafuna a Dalitso aone kuti si nthano.

NaPhiri wa ku Chilenje
Ndinaiona isanachotsedwe. Ndi iwo. Pini yanga ikuoneka pansapato. Ife tinatuluka msanga poopa kusowa galimoto, zimenezi sindinazione. Chikundiwawa n'chakuti mu kanemayo akumwetulirabe, akuwauza azimayiwo kuti "ndamva amayi, ndikamusiya", uku akumubisa mwana kumbuyo. Ngakhale pamenepo akuwasewerera sewero kuti zithe mwamtendere.

Esnart
Ine zija ndinanena za mbaula zinali zocheza abale. Kukoka chitenje cha munthu wamkulu pamaso pa mdzukulu wake, ayi, kumeneko ndi kusaleredwa.

Bambo Zulu
Zimenezo ndi zauchidakwa, palibe angazivomereze. Koma musasakanize. Ine ndimanena za munthu waulemu amene wapempha bwino ngati aNaPhiri. Amenewo ndi awiri osiyana.

Mai Tiyanjane
Kwa inu ndi osiyana. Kwa iye amene waima pamdima, akudziwa bwanji kuti foni iyi ndi yaulemu, iyo ndi yachipongwe? Zithunzi zonse zimakathera malo amodzi. ANaPhiri ndi munthu wabwino, koma akanajambula bwenzi chili pagulu pano, a Dalitso atumiza kwa anzawo, pofika madzulo chili kwa anthu omwe aja a makomenti. Mwaona nokha kanema uja sanachedwe kutipeza.

Bambo Zulu
Nanga azikhala m'nyumba moyo wake wonse?

Mai Tiyanjane
Ayi, aziyenda, ife tiziphunzira kupereka moni n'kudutsa. "Amayi, ntchito yanu timaiona, zikomo." Basi. Ngati iye mwini wati bwera tijambule, mwayi wako.

Gift wa Kamera
Ndiwonjezere kamodzi. Osewera amene ndinkacheza nawo ankati moni wotere ndi umene amaukumbukira. Anthu ambiri akawapeza salankhula nawo n'komwe, amangobwera foni ili kale m'mwamba, kukoleka mkono paphewa, kujambula, n'kuchoka akuyang'ana ngati atuluka bwino. Wina anandiuza kuti anajambulidwa ali pamzere kuchipatala, akudwala, munthu osafunsa n'komwe kuti mwadzuka bwanji. Ndipo oipa a m'sewero ndi amene amavutika kwambiri, chonsecho ndi amene amanyamula sewero lonse. Chotsani apongoziwo muone ngati mungatsegule TV kuti muone mtengwa akuphika mwamtendere.

Chisomo wa ku Kamwala
Chodabwitsa china ndi ichi. Rungano Nyoni anabadwira mu Lusaka muno. Filimu yake yoyamba yaitali inapata mphoto ya BAFTA ku London mu 2018, ndipo mu 2024 anapatsidwa mphoto ya wotsogolera filimu ku Cannes. Koma atakwera basi ya ku Chelstone lero, ndi angati pagulu pano angamuzindikire? Amene ali kuseri kwa kamera amayenda mwaufulu, amene analemba zoti kalata ibisidwe pansi pa matiresi akumwa tiyi kwawo mwamtendere. Chitenje chikukokedwa ndi cha amene anangopatsidwa pepala kuti aloweze.

Esnart
Ndiye tipatseni dzina la wolembayo, tikamuone.

Admin Sakala
Esnart.

Esnart
Ndikucheza a Admin!

Agogo Tembo
Okonza makonsatiwa nawonso aziganiza. Munthu wotere akabwera, ngakhale wagula tikiti wamba, pageti pakhale wina womuperekeza mpaka pagalimoto. Alonda anali kuti pamene chitenje chinkakokedwa? Ndipo madzi mwezi wotentha chonchi asamagulitsidwe malo amodzi okha. Mzere wautali ndi umene umabala zonsezi.

Dalitso
Apo ndiye mwanena agogo. Ine ndinaima pamzere umenewo mpaka woimba amene ndinamulipirira anatsika ndisanamuone. Kapena ndinali kumbuyo kwa apongozi omwewo osadziwa.

Mlamu Mulenga
Ukanadziwa ukanawagulitsa flash ya sewero lawo lomwe.

Gift wa Kamera
Popeza nkhani yafika apa, mnzanga wina akujambula kafilimu kake kakafupi Loweruka likubwerali ku Chilenje, ndipo akusowa anthu odzaza holo pa gawo la ukwati. Akufuna azimayi ndi azibambo a misinkhu yonse, makamaka akuluakulu oti aoneke ngati a kuchimuna ndi a kuchikazi. Amene akufuna kuona mmene mbama imaphikidwira, mwayi ndi umenewu. Ndilembereni kumbali.

Esnart
Ine ndilembeni. Ndikhale kutsogolo, ndili ndi diresi la chitenje limene silinaonekepo.

Bambo Zulu
Amalipira zingati?

Gift wa Kamera
Ya basi yobwerera ndi nsima ya masana, bambo. Kufika 06, kuweruka dzuwa likalowa, mwina kupitirira ngati magetsi avuta.

Bambo Zulu
Tsiku lonse lathunthu chifukwa cha nsima? Ndiye ndioneka mphindi zingati?

Gift wa Kamera
Mwina masekondi asanu, mwina chigongono chokha. Zimadalira wodula filimu.

Mai Tiyanjane
Alembeni a Zulu, a Gift. Muwapatse mbali ya malume wolanda katundu, kenako tidzawaperekeze ku Soweto Market tione.

Bambo Zulu
Ndibwera, koma suti ndi yanga, sindivala za m'buku.

Gift wa Kamera
Suti bwerani nayo, bola isakhale ya timizere ting'onoting'ono, timavina pa kamera. Zoyera mbee nazonso ayi. Nsapato za azimayi zikhale zosagogoda pansi chifukwa cha maikolofoni, ndipo aliyense abwere ndi botolo lake la madzi, muholomo mafani adzakhala ozimitsa. Mafoni onse amasiyidwa m'katoni pakhomo mpaka titaweruka. A Mulenga, inunso mukubwera? Tikusowa woyendetsa galimoto ya akwati, koma ikhale yotsuka.